Katundu wa m'masitolo pamtsinje wa Seine: lipoti la ntchito ya Franprix mumzinda wa Paris

Kuyambira mu 2012, mbali ina ya katundu wogulitsidwa m'masitolo a Franprix mumzinda wa Paris, ku France, imalowa m'tauni pamadzi. Mpunga, mafuta ophikira, zam'zitini, madzi a m'mabotolo ndi zakumwa zina zimapakiridwa m'makontena, makontenawo n'kukwezedwa pachombo chimene chimatsika ndi mtsinje wa Marne, kulowa mu Seine, mpaka kukakocheza padoko la La Bourdonnais, m'munsi mwenimweni mwa nsanja ya Eiffel. Kuchokera apo malole amangomalizitsa kamtunda kotsalako.

Ntchito yanga ndi yokonza maulendo a malole: katundu anyamuke nthawi yanji, adzere kuti, atsitse ndani, ndipo zonsezo zidye ndalama zingati. Nkhani ya Franprix imatchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba zochepetsa utsi m'mizinda, koma ambiri amathera pa chithunzi cha chombo chikudutsa kunsi kwa milatho yokongola. Kwa ife a ntchito imeneyi, kuyendetsa chombo ndi mbali yopepuka. Pagona nkhani ndi padoko, pamene katundu amachoka m'madzi kukwera pamsewu. Lipotili likuzungulira pamenepo.

Vuto limene ankathana nalo

Mzinda wa Paris uli ndi anthu oposa 2 miliyoni pamalo ongopitirira pang'ono masikweya kilomita 100. Masitolo a Franprix ndi ang'onoang'ono, a m'makwalala, ndipo ambiri alibe malo okwanira osungirako katundu kuseri. Zimene zili pashelefu ndi zomwezo. Choncho lole iyenera kufika pafupipafupi, ndipo ikachedwa mashelefu amaoneka mbee.

Depoti yaikulu ya katundu wouma ili ku Chennevières-sur-Marne, kum'mwera chakum'mawa kwa mzindawo. Lole yochokera kumeneko imalowa mumdipiti wa magalimoto a anthu opita kuntchito, ndipo palibe angalonjeze kuti ifika nthawi yakuti. Dalaivala amalipidwa ali chiimire pamsewu, dizilo akupsa, maola amene lamulo limamulola kuyendetsa akutha. Pamwamba pa izi, khonsolo ya mzinda yakhala ikupanikiza magalimoto chaka ndi chaka. Msewu wa m'mphepete mwa Seine kutsidya lakumanzere unatsekedwa kwa magalimoto mu 2013, wa kutsidya lakumanja mu 2016. Mu 2021 liwiro m'misewu yambiri ya mumzinda linatsitsidwa kufika pa makilomita 30 pa ola, ndipo magalimoto akale otulutsa utsi wambiri akhala akuletsedwa pang'onopang'ono.

Mtsinje wokha sunali kugona. Madoko a m'chigawo cha Paris amanyamula pamadzi matani pafupifupi 20 miliyoni pachaka, koma ochuluka mwa iwo ndi mchenga, miyala, simenti ndi dothi lofukulidwa pomanga. Katundu wotere ndi wolemera, wotsika mtengo, ndiponso sathamangira nthawi. Chachilendo mu 2012 chinali kuika pamadzi zakudya zimene sitolo ikuziyembekezera mawa m'mawa.

Mmene ulendo umayendera

Kudepoti, katundu wa sitolo iliyonse amasanjidwa pamapaleti, mathabwa osanjikirapo katundu, n'kulowetsedwa m'makontena opangidwira ntchito yomweyi, oti akhoza kukhala pachombo komanso kukwanira palole yotha kukhota m'makwalala opanikizika. Malole amatenga makontenawo mtunda waufupi kukafika kudoko la Bonneuil-sur-Marne. Kumeneko makina amawanyamula n'kuwasanja m'chombo. Ulendo wa pamadzi ndi wa makilomita pafupifupi 20 ndipo umatenga maola atatu kapena kuyandikira apo, chifukwa panjira pali zipata ziwiri za madzi, pa Créteil ndi pa Saint-Maurice. Pachipata chotere chombo chimalowa m'chipinda, zitseko n'kutsekedwa, madzi n'kuphwetsedwa mpaka chombocho chitsike kufika pamlingo wa mtsinje wa kumunsi. Palibe kuthamanga pamenepo. Chombo chikafika, katundu amagona m'chombo momwemo padoko kudikira m'bandakucha.

Ndinakaima padoko la La Bourdonnais m'mawa wina kuti ndione kutsitsako ndi maso anga. Malo ake ndi opapatiza kuposa mmene munthu angaganizire: mbali iyi madzi, mbali inayo khoma lamiyala lokwera kupita kumsewu, pakati pake mpata woti lole ikhote movutikira. Chimakina chonyamula makontena, chamatayala otalika ngati munthu ndi mkono wautali, chimasendera m'mphepete, kutambasulira mkonowo pamwamba pa chombo, kugwira kontena kumakona ake, kuinyamula, kubwerera chafutambuyo, n'kuikhazika palole imene yaima kale pamalo pake. Dalaivala amatsika, kukhoma zotsekera, kuyang'ana mapepala, n'kunyamuka. Lole ina imalowa pomwepo. Zobwerako zimatula makontena opanda kanthu, amene amakwera m'malo mwa odzaza aja. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti panalibe kukuwa kapena kuthamangathamanga. Aliyense ankadziwa kontena yotsatira, chifukwa dongosolo la kutsitsa linakonzedwa dzulo lake ku Bonneuil pokweza. Kontena ya sitolo yoyamba kulandira ikaikidwa pansi pa zinzake, m'mawa wonse wawonongeka.

Dzuwa likakwera ntchito imatha, makina amakankhidwira pambali, malowo n'kubwerera kwa anthu oyenda pansi ndi alendo okwera mabwato oonera mzinda, amene amanyamukiranso padoko lomwelo. Magombe a Seine m'chigawo chimenechi ali pamndandanda wa UNESCO wa malo otetezedwa kuyambira mu 1991, ndiye munthu sangamangepo shedi kapena kuimikapo kireni yachikhalire. Zonse ziyenera kukhala zochotseka.

Poyamba chombo chinkanyamula makontena 26 patsiku, operekera masitolo osapitirira 100. Patapita zaka chiwerengero cha masitolo chinafika pafupifupi 300. Zozizira, ndiwo zamasamba ndi zipatso sizinakwere nawo, zinatsalabe pamsewu. Malole ndi dongosolo lonse zinali m'manja mwa kampani ya Norbert Dentressangle, imene inagulidwa ndi XPO Logistics mu 2015. Doko linakonzedwa ndi bungwe la Ports de Paris, lomwe mu 2021 linaphatikizidwa ndi madoko a Rouen ndi Le Havre kupanga HAROPA Port, ndipo bungwe la boma loyang'anira njira za pamadzi, Voies navigables de France, linathandizapo.

Ndalama zake

Apa ndi pamene ndikufuna anzanga a ntchito ino adekhe. Tiwerenge kuti katundu akugwiridwa kangati. Pamsewu, mumapakira kudepoti, mumatsitsa pasitolo, basi. Pamadzi, mumapakira kudepoti, lole imapita ku Bonneuil, makina amakweza kontena m'chombo, chombo chimayenda, makina ena amatsitsa, lole ina imapita kusitolo. Kunyamula kuwiri kwawonjezekako kumafuna makina awiri odula, owayendetsa awiri, malo a padoko kuwiri konse, ndi makontena okwanira kuti ena ali pamadzi ena akhale akupakiridwa. Ndalama zimenezi zimatuluka kaya chombo chadzaza kaya chili theka.

Ubwino wa madzi umaoneka pa katundu wambiri ndi mtunda wautali. Gulu limodzi la zombo zokankhidwa pamodzi pa Seine likhoza kunyamula matani 5,000, katundu wa malole pafupifupi 250, ndipo pa makilomita mazanamazana mafuta opulumutsidwa amabweza ndalama za padoko mosavuta. Koma pa makilomita 20, mtunda ndi waufupi kwambiri kuti ubweze. N'chifukwa chake njira ya Franprix inayamba ili yodula kuposa ya malole okhaokha, ndipo inatheka chifukwa kampaniyo inavomera kulipira kusiyanako pamene mabungwe a boma anasenza mbali ya ndalama zokonzera doko ndi zoyambira. Amene akuuzani kuti madzi ndi otchipa nthawi zonse, mufunseni mtunda ndi matani.

Nanga ndalama yowonjezerayo imagula chiyani? Choyamba, nthawi yodalirika. Pamtsinje palibe mdipiti. Katundu amakhala ali kale pakati pa mzinda anthu asanadzuke, ndipo lole imene ikanathera m'mawa wonse paulendo umodzi wochokera kunja imazungulira maulendo angapo afupiafupi. Chachiwiri, maulendo afupiafupiwo ndi amene amayenerana ndi malole a gasi kapena a magetsi, omwe sapita kutali asanafune kudzazidwanso. Chachitatu, khonsolo ikawonjezera malamulo ena opanikiza malole, kampani imene ili kale ndi malo padoko sigwidwa njakata. Kwa ine mfundo yachitatuyi ndiyo yolemera kuposa zinazo, ngakhale siioneka m'mabuku a chaka chimodzi.

Pa za utsi, eni ntchitoyi analengeza kuti njirayi imachotsa pamsewu makilomita pafupifupi 450,000 a malole pachaka. Chiwerengerocho n'chabwino, koma powerengera phindu lenileni ine ndimachotsapo zinthu zingapo. Zombo zambiri za pamitsinje ya ku Ulaya zimayendera dizilo, ndipo injini ya chombo imakhala zaka zambiri kuposa ya lole isanasinthidwe. Makina a padoko nawonso amamwa mafuta. Chombo chodzaza chimaposa malole patali pa mpweya wotenthetsa dziko, koma chikamayenda theka, ndi injini yakale, phindulo limaphwa, ndipo utsi wake umatulukira pakati penipeni pa mzinda pamene anthu akupuma. Kudzaza chombo tsiku ndi tsiku ndiye maziko a zonse, pa ndalama ndi pa chilengedwe pomwe. Franprix ili ndi mwayi umenewo chifukwa katundu ndi wakewake, wochokera kudepoti imodzi, ndipo anthu a ku Paris sasiya kugula madzi ndi mpunga.

Amene anayesa n'kuleka

M'chaka chomwecho cha 2012, kampani ina yotchedwa Vert chez Vous inayambitsa ntchito yooneka yokongola kuposa ya Franprix. Chombo chake, Vokoli, chinali depoti yoyandama. Maphukusi ankasankhidwira m'chombo momwemo chikuyenda, ndipo pamadoko angapo a m'mphepete mwa Seine njinga zamagetsi za matayala atatu zinkatsitsidwa zitadzaza, kukapereka katundu m'makwalala, n'kukakumananso ndi chombocho padoko lakutsogolo.  Pofika mu 2014 ntchitoyo inaima chifukwa ndalama sizinkabwerera.

Mmene ndikuonera ine, kusiyana kwake n'koonekeratu. Vert chez Vous inkatolera timaphukusi ta makasitomala osiyanasiyana, lero tambiri mawa tochepa, pamsika umene mtengo wa phukusi limodzi ndi wotsika kwambiri ndipo wopikisana naye ndi munthu wa kavani kamodzi. Koma lendi ya chombo, malipiro a ochiyendetsa ndi ndalama za madoko sizitsika tsiku limene maphukusi achepa. Mwini maganizowo, a Gilles Manuelle, sanagwe mphwayi. Mu 2019 anabweranso ndi Fludis, chombo cha magetsi chonyamukira kudoko la Gennevilliers pafupi ndi Paris, ndipo ulendo uno anayamba atagwirizana kale ndi makampani akuluakulu monga IKEA ndi Lyreco oti azipereka katundu, komanso Paprec, kampani yokonzanso zinyalala, yoti izipereka zobwerera nazo.

Bwato la mowa la ku Utrecht

Kuti timvetse bwino za doko, ndi bwino kuyang'anako ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, kumene vuto la kunyamula kawiri kulibiretu. Ngalande yakale ya pakati pa mzindawo, Oudegracht, inamangidwa mwa mtundu wakewake zaka mazana ambiri zapitazo. Msewu uli pamwamba, koma m'munsi mwake, pafupi ndi madzi, muli khonde lalitali, ndipo pakhondepo pali makomo a zipinda zolowa kunsi kwa msewu mpaka kukafika pansi pa nyumba. Kale amalonda ankatsitsa katundu m'mabwato n'kumulowetsa m'zipindazo mwachindunji. Lero zambiri mwa zipindazo ndi malo odyera ndi omwera.

Lole yolemera ikadutsa pamwamba imakhala ikuponda madenga a njerwa a zipinda zakalezo, ndiye khonsolo inaika malire okhwima pa kulemera kwa magalimoto. Komanso mgolo wa mowa wa malita 50 umalemera makilogalamu oposa 60, ndipo kutsika nawo masitepe amiyala kuchokera pamsewu ndi ntchito yothyola msana. Mu 1996 khonsolo ya mzindawo inayambitsa bwato lonyamula zakumwa, limene anthu amangolitcha Bierboot, ndipo mu 2010 kunabwera lina loyendera mabatire. Bwatolo lili ndi kakireni kake. Limaima pakhomo pa malo odyera, mkono wa kireni n'kunyamula migolo ndi makireti kuziika pakhonde, mapazi ochepa kuchokera pomwe zikasungidwe, n'kutenga zopanda kanthu. Pambuyo pake kunabweranso bwato la magetsi lotolera zinyalala m'njira yomweyo.

Kuno bwato silipikisana ndi lole pamtengo wokha, chifukwa lole yaikulu siloledwa n'komwe, ndipo khomo la kasitomala layang'ana kumadzi. Mwini bwato ndi khonsolo, makampani a mowa amalipira kuti katundu wawo akwere. Ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi ya Paris, koma yakhalitsa kuposa zambiri zimene zinayamba ndi phokoso, ndipo ndikuona kuti chifukwa chake ndi chimenechi: malamulo a pamsewu, mamangidwe a malo ndi mwini bwato zonse zikukokera kumodzi. Kuyambira pa 1 January 2025, Utrecht ndi mizinda ina ya m'dzikolo inayamba kukhazikitsa zigawo zimene mavani ndi malole atsopano ayenera kukhala osatulutsa utsi, zomwe zikuwonjezera mphamvu kumbali ya madzi.

Madzi akakwera

Walira mvula walira matope. Mu June 2016 mtsinje wa Seine unakwera kupitirira mamita 6 pamalo oyezera a Austerlitz, ndipo mu January 2018 unayandikiranso pomwepo. Madzi akafika pamenepo zombo zimaletsedwa kuyenda, chifukwa sizingadutse kunsi kwa milatho yakale ya Paris, ndipo madoko a m'munsi ngati La Bourdonnais amamira. Sitolo siingauze makasitomala kuti adikire mtsinje uphwe. Katundu yense amabwerera pamsewu tsiku lomwelo, kutanthauza kuti mgwirizano ndi eni malole uyenera kukhala ndi ndime yonena za malole ndi madalaivala apadera opezeka mwadzidzidzi. Ndalama ya kukonzekera kumeneku imaiwalika kawirikawiri powerengera. Si madzi osefukira okha. Zipata za madzi zimatsekedwa nthawi zina kuti zikonzedwe, ndipo mu July 2024 mwambo wotsegulira masewero a Olympics, umene unachitikira pamtsinje pomwepo, unaimitsa zombo za katundu kwa masiku angapo pakati pa mzinda.

Wowerenga wa ku Malawi pofika apa akumbukira doko la Nsanje, limene linatsegulidwa mu October 2010 koma silinayambe kulandira zombo za katundu monga ankayembekezera, poti njira ya pa Shire ndi Zambezi imadutsa m'dziko la Mozambique ndipo mgwirizano wake unali usanapse. Nkhani yake ndi ya mtunda wautali, yosiyana ndi ya mumzinda, koma mafunso ndi omwewo amene ndimafunsa pa ntchito iliyonse ya pamadzi: katundu wa tsiku ndi tsiku achokera kwa yani, njira yonse ndi yotseguka kodi, ndipo tsiku limene yatsekeka katunduyo adzera kuti?

Kulimbirana gombe

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa tsogolo la ntchito zoterezi ndi malo. Gombe la mtsinje pakati pa mzinda ndi malo amene aliyense amawafuna. Omanga nyumba zodula amawafuna, eni malo odyera amawafuna, khonsolo imafuna pokhala anthu madzulo, ndipo onsewa amalipira bwino kapena amabweretsa mavoti kuposa chimakina chonyamula makontena. Anthu okhala pafupi nawonso amadandaula ndi phokoso la m'bandakucha, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Doko likangosanduka nyumba zogona, silibwereranso. Mzinda wa London unaona zimenezi msanga, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 unateteza mwalamulo madoko ena a pamtsinje wa Thames kuti asasinthidwe ntchito. Ena mwa iwo ndi amene lero amatumiza zinyalala za mzindawo pamadzi kupita ku Belvedere, kum'mawa kwa mzindawo.

Ndiponso gombe lokongola si doko. Khoma liyenera kupirira kulemera kwa makina atanyamula kontena yodzaza, n'chifukwa chake La Bourdonnais inayamba yalimbitsidwa ntchito isanayambe. Ku Amsterdam, ku Netherlands, kumene DHL inayamba kuyendetsa bwato la maphukusi m'ngalande mu 1997, mbali ya khoma la ngalande pa Grimburgwal inagwera m'madzi mu September 2020, ndipo mzindawo uli pa ntchito yaikulu yoyeza ndi kukonza makoma a makilomita pafupifupi 200. Makoma ofookawo akukankhira katundu wolemera kumadzi, poti malole olemera akuchepetsedwa pakati pa mzinda, koma makoma omwewo sangalandire kireni yolemera pamwamba pake. Kumeneko chonyamulira chiyenera kukhala pabwato, monga ku Utrecht.

Njira ya Paris yogawana doko, m'mawa katundu masana anthu, ndiyo imene ndingalimbikitse mzinda uliwonse wokhala ndi mtsinje woyenda zombo. Imafuna kuti maola alembedwe mumgwirizano, makina akhale ochotseka ndi osasokosa, ndipo pansi pasiyidwe poyera ntchito ikatha. Ena atsatira kale. Mu 2020 kampani ya ULS inayamba kulowetsa katundu pakati pa mzinda wa Strasbourg, ku France, pogwiritsa ntchito bwato, njinga zamagetsi n'kumalizitsa, ndipo mu December 2022 IKEA inayamba kutumiza katundu wa makasitomala ake a ku Paris pa Seine kuchokera ku Gennevilliers kukafika kudoko la Bercy, kumene magalimoto a magetsi amamutenga.

Chotsalira pa ntchito ya Franprix, mwa kuona kwanga, ndi ulendo wobwerera. Mzinda umameza katundu wambiri kuposa umene umatulutsa, ndiye makontena ambiri amakwera mtsinje ali opepuka pamene ndalama zoyendetsera chombo ndi zomwezo. Chimene mzinda umatulutsa mochuluka ndi makatoni, mapaleti, mabotolo ndi zinyalala, koma zimenezi zimatoleredwa ndi makampani ena, pa makontirakiti ena, kupita kumadoko ena, ndipo malamulo a ukhondo salola kuti chilichonse chilowe m'kontena yonyamula zakudya. Makatoni ouma ndi mapaleti a m'masitolo omwewo akhoza kubwerera m'makontenamo popanda vuto. Zinyalala zinazo zingafune makontena akeake ndi malo ake pachombo, komanso kuti khonsolo polemba makontirakiti otolera zinyalala iziikamo ndime yonena za doko limene zizikatsitsidwa.